Madzi Saiwala Khwawa

Kwathu kuno kuchigwa cha Shire madzi osefukira sadikira kuti mvula igwe padenga pathu. Kumwamba kumatha kukhala kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo, ana akufukula mchenga pakati pa mtsinje wa Lalanje umene wakhala wouma chilimwe chonse, pamene mvula yachezera kumapiri kumene maso athu safika. Masana mumangomva mkokomo ngati lole yathonje ikubwera patali, kenaka thovu lofiirira, zinyalala, mitengo yozuka ndi mizu yomwe, ndipo pamene m'mawa panadutsa ngolo pasanduka mtsinje. Akuluakulu akaona mnyamata akuumba njerwa pamalo otsika, pamene dothi lake n'lakuda ndipo udzu wamera mokongola, sachulukitsa mawu. Amangoti madzi saiwala khwawa. Mwambi umenewu ndinaumva ndili mwana, ndinaulemba pabolodi kangapo pophunzitsa ana a sitandade 7, koma unandilowa m'mafupa chaka cha 2022, pamene magazi anga anaundana n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo.

Nthendayo inabwera ngati madzi a kwathu, inayambira kutali ndi pamene inadzagumula. Ndinagwa pa njinga yamoto ya kabaza, mwendo wakumanzere unathyoka m'munsi mwa bondo, anandiika chikhakha. Masabata anayi ndinagona pamphasa pakhonde, m'kutentha kuja kwa Okutobala kumene ku Ngabu ndi ku Bangula kumapitirira madigiri 40, ndipo madzi ndinkamwa mokakamiza poopa kuvutitsa anthu ondigwiriza popita kuseri. Magazi a kumwendo amakwera kubwerera kumtima chifukwa akatumba amafinya mitsempha munthu akamaponda pansi. Mwendo ukangokhala, magazi amadikha ngati madzi a pathamanda, ndipo akadikha amaundana. Dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, ndiye analongosola m'zaka za m'ma 1850 kuti chibuma cha magazi chopangika kumwendo chimatha kuthothoka, kutengedwa ndi magazi anzake, kudutsa mbali yakumanja ya mtima, n'kukakakamira m'mitsempha ya m'mapapo, imene imanka nichepa ngati nthambi za mtengo. Madokotala amati pulmonary embolism. Kunyumba tinkangoti chilaso.

Chinandidzutsa pakati pa usiku, ngati munthu wandizika mkondo pansi pa nthiti zakumanja. Ndikakoka mpweya mkondowo unkalowa, ndikatulutsa unkagwedezeka. Pachipatala china chaching'ono anati n'chibayo, ndipo sindiwasungira kanthu kumtima: m'chigwa muno munthu wobanika ndi wolaswa m'nthiti nthawi zambiri amakhala ndi chibayo kapena TB, ndipo makina oonera mitsempha ya m'mapapo ali kutali. Patapita masiku awiri ndinatsokomola magazi, maso anachita mdima. Ambulansi inadutsa Ngabu, Nchalo, mlatho wa Kamuzu, n'kuyamba kukwera makhotolo a chitunda kuchokera pa Thabwa, akazi anga atandigwira mutu. Kuchipatala cha Gulupu, ku Blantyre, makina a CT anaonetsa pamene panatsekeka. Anandibaya heparin, anandiyambitsa mapiritsi a warfarin, ndipo patatha masiku asanu ndi anayi ananditulutsa.

Za m'chipatala zimasimbika msanga. Zimene zinanditengera miyezi zinayamba nditabwerera kwathu.

Anthu anabwera kudzazonda, anapemphera, anathokoza Mulungu, anati mwachira. Masana ndinkavomera. Koma chaka chimenecho magetsi ankathimathima dziko lonse, chifukwa mphepo yamkuntho ya Ana inali itagumula damu la Kapichira mu Januwale, ndiye usiku nyumba inkakhala bii, malata akutulutsa moto umene anaumwa masana, mpweya wosasuntha. Ndikagona m'masikito, makutu anga ankachoka panja n'kulowa m'chifuwa changa. Ndinkamvetsera mtima ngati mlonda amene wamva chitseko chikugwedezeka. Kakalasa pang'ono m'nthiti, mawu amodzi okha ankabwera: chabweranso. Pomwepo mtima unkathamanga, thukuta lozizira kumsana, zala ndi milomo kuchita dzanzi, chizungulire, mpweya kukana kufika pansi. Ndipo mwambi uja, umene ndinkaukonda, unasanduka mdani wogona naye mphasa imodzi. Ngati magazi anaipeza njira ija kamodzi, adzaiwala bwanji?

"Abambo, mwadzukanso?" akazi anga ankafunsa mumdima.

"Gonani, ndikungofuna kamphepo."

Sankagona. Ankakhala tsonga n'kumandikupiza ndi chikuto cha kope mpaka tambala woyamba.

Katatu konse tinadzutsa mnyamata wa kabaza usiku kuthamangira kuchipatala. Katatu konse anandipana chala ndi kachipangizo koyezera mpweya wa m'magazi, nambala n'kumaonetsa 97, 98. Ndinkabwerera ndi manyazi, ndalama ya ndiwo itathera pa petulo. Nkhawa ili ndi nkhanza yakeyake kwa munthu amene wadwalapo mapapo, chifukwa imabwera itavala malaya a nthenda yomwe ija. Munthu akachita mantha amapuma mofulumira ndi mosafika pansi, mpweya umene thupi limayenera kusungako pang'ono umatuluka wambiri, ndipo zotsatira zake ndi dzanzi, chizungulire ndi chifuwa chomangika. Wamantha uja akamva zimenezi amati umboni ndi umenewu, mantha n'kukula, kupuma n'kufulumira. Ndi chingwe chodzimanga chokha, ndipo ululu wake si wongoganizira. Umapweteka ndithu.

Ulendo wachitatu ndinapeza dokotala wachizimayi amene, ngakhale panja panali mzere, anatembenuza pepala n'kundijambulira mapapo. Anati, "Aphunzitsi, mapapo enieniwo samva kupweteka. Chimamva ndi kachikopa kopyapyala kamene kayala m'kati mwa nthiti. Chigawo cha phapo lanu chimene chinasowa magazi chili m'mphepete, chikukhudzana ndi kachikopako. Ndi bala limene likupola, ndipo bala la m'kati nalonso limanyerenyetsa, limakoka, limasiya chipsera." Anandiuza kuti kulasa kotere kumatha kukhala masabata ngakhale miyezi, ndiponso kuti minofu ya pakati pa nthiti inali itauma chifukwa chopuma mwamantha ndi chifukwa cha ndodo zoyendera zimene ndinkatsamira m'khwapa. Anakanikiza ndi chala pakati pa nthiti ziwiri, ndinalumpha. "Mwaona? Chibuma cha magazi sichipweteka ndi chala changa. Umenewu ndi mnofu." Kenaka ananena chinthu chimene palibe anandiuzapo: kuti warfarin sasungunula chibuma. Ntchito yake ndi kuletsa kuti chisakule ndi kuti china chisapangike. Wosungunula ndi thupi lenilenilo, pang'onopang'ono, usana ndi usiku, munthu ali m'tulo kapena ali maso.

Mankhwalawo anali ndi mantha awoawo. Wina wodzazonda anandinong'oneza kuti zimene ndikumwazo ndi mankhwala a makoswe, ndipo sananame. M'zaka za m'ma 1920 ng'ombe za ku North America zinkafa ndi kukha magazi zitadya udzu wosungidwa umene unachita nkhungu. Karl Paul Link ndi anzake a ku yunivesite ya Wisconsin anapeza chimene chinali muudzuwo, ndipo kuchokera pamenepo warfarin anayamba kugulitsidwa ngati wophera makoswe mu 1948, asanaloledwe kwa anthu mu 1954. Kusiyana kwa poizoni ndi mankhwala kuli pa muyezo, n'chifukwa chake ankanditenga magazi kawirikawiri kuyeza nambala yotchedwa INR, imene inkayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika, magazi angaundanenso. Ikakwera, munthu angakhe magazi ndi kabala kakang'ono. Ndiwo zamasamba, sangowa wathu uja, nkhwani, bonongwe, kholowa, zili ndi vitamini K amene amalimbana ndi mankhwalawa. Sanandiletse kudya, anangoti ndizidya mofanana, osati sabata ino mphika wonse, sabata yamawa osalawa. Brufen, aspirin ndi diclofenac, amene timangogula paokala mutu ukawawa, anandiletsa, n'kundisiyira Panado. Anandichenjezanso kuti rifampicin, mmodzi wa mankhwala a TB, amafooketsa warfarin, choncho aliyense wondilembera mankhwala ndizimuonetsa kabuku kanga ka kuchipatala asanagwire cholembera.

Apa m'pamene ndinasemphana ndi amayi anga. Iwo anaona mwana wawo akuonda, wosagona, wogwira pachifuwa, pamene achipatala akuti zonse zili bwino. Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana wanga, chilaso chosatha chimenechi n'cha anthu. Tiye akakuteme mphini."

"Amayi, mankhwala ndikumwawa, lumo likangondikhudza magazi sasiya."

Anakhala chete nthawi yaitali, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Sindinawaone ngati osadziwa. Ankafuna chimene inenso ndinkafuna, kuti chinthu chondisautsacho chikhale ndi dzina ndi nkhope, kuti tithe kuchiloza. Koma mphini ndi zitsamba zosadziwika mphamvu yake zikanandipha msanga kuposa chibuma, ndipo ndikulemba izi poyera chifukwa alipo ena amene akumwa mankhwala omwewa ndipo amayi awo amawakonda chimodzimodzi.

Amene anandimasulira mwambi uja mwa njira ina ndi amalume anga, amene akhala akupalasa mwadiya pa Mtayamoyo kuyambira pamene madzi a 1997 anadula msewu ndi njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo. Iwo anaona Januwale wa 2015, pamene mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kulowa m'midzi ya ku Makhanga, anaonanso mphepo yamkuntho ya Idai mu 2019 ndi ya Ana ija. Anabwera ndi makakana ouma atakulunga m'nyuzi, anakhala pansi pa mtengo wa nimu, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mphwanga, maso akowa ndi a munthu amene madzi anamulowera m'nyumba usiku."

Ndinawauza zonse, zimene sindinauze ngakhale abusa. Mwamuna kwathu kuno amatha kunena kuti mwendo ukuwawa, koma kunena kuti ndikuopa kufa ndikagona, lilime limalemera. Iwo sanandiseke ndipo sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anati anthu a kumtunda amatinena kuti ndife osamva, boma likuti samukani ife n'kumabwerera kumadimba. Iwowo saona kuti amene amagona pafupi ndi mtsinje ndiye amaudziwa kuposa onse. "Ine Shire ndimamuopa mpaka lero," anatero. "Tsiku limene ndidzaleke kumuopa mudzandipeza m'mimba mwa ng'ona. Koma sindithawa thovu lililonse. Ndimayang'ana pachitsulo." Ankanena zitsulo zoyezera madzi zimene zinazikidwa m'mphepete mwa mitsinje ina, zopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, zimene a komiti ya m'mudzi amawerenga kuti adziwe nthawi yoimba mafoni ndi kuchenjeza anthu. Madzi akakhala pobiriwira, ngakhale achite phokoso, anthu amalima. Akafika pofiira, palibe kufunsana, mumanyamula ana.

Usiku womwewo ndinatsegula tsamba lomaliza la kabuku ka kuchipatala n'kulemba utoto wanga wofiira, monga anandiuzira dokotala uja: kubanika kobwera mwadzidzidzi kumene sikutsika ngakhale nditakhala pansi, kukomoka, kutsokomola magazi, mwendo umodzi kutupa ndi kutentha, ululu wofinya pakati pa chifuwa wotsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, chimbudzi chakuda ngati phula, magazi osaleka, mutu wowawa modabwitsa makamaka nditagwa. Chimodzi mwa zimenezi chikaoneka, kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pa ngolo, ndipo osachita manyazi ngakhale akandibweze kachinayi. Zina zonse, kulasa kwanga kwa masiku onse pamalo pake pomwe paja, mtima kugunda ndikakumbukira ambulansi, ndinazipatsa mphindi khumi. Ndinkakhala tsonga, dzanja limodzi pamimba, kukoka mpweya ndi mphuno mpaka dzanja litakwera, n'kuutulutsa pakamwa pang'onopang'ono ngati ndikuuzira phala la mwana, kutulutsa kukhale kotalika kuposa kukoka. Akazi anga ankawerenga mokweza. Masiku oyamba sizinkathandiza kwenikweni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine kudekha ndinkachita kuphunzira ngati mwana wa sitandade 1. Koma usiku wina ndinazindikira kuti dzanzi lachoka tisanafike pa mphindi yachisanu ndi chimodzi, ndipo chibuma cha magazi sichichoka chifukwa munthu wawerenga manambala.

Chikhakha chitachoka achipatala anandiuza kuti ndiziyenda, pakuti kugona ndiko kunabala nthendayi. Ndinkaopa kuti ndikaponda mwamphamvu china chithothoka. Ndinayamba ndi kukafika pa mjigo, mawa lake pa mlambe wa kumsika, sabata yotsatira kusukulu, m'mamawa dzuwa lisanakwiye, botolo la madzi m'manja. Befu ankabwera, ndipo ndinaphunzira kumusiyanitsa ndi kubanika kuja: befu wa munthu amene wakhala miyezi iwiri pamphasa amatsika ukaima pamthunzi.

Ku Zimbabwe dokotala wa maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu amene akuvutika ndi chimene Achishona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Benchi langa linali muzu wa nimu uja. Kumeneko ndinkacheza ndi mayi wina woyandikana nafe amene nyumba yake inapita ndi madzi a 2015. Anandiuza kuti mpaka pano mvula ikayamba kugogoda malata amadzuka n'kumanga katundu m'chitenje, ngakhale anasamukira pamalo okwera pamene madzi sanafikepo chiyambire. Mutu umadziwa kuti pano m'pouma, koma miyendo siimva. Ndinamumvetsa kuposa mmene ndikanamumvera chaka chapitacho, ndipo ndikukhulupirira kuti zipatala zathu zikamatulutsa munthu amene wapulumuka pa nthenda yoopsa, zizimuuzako mawu awiri okhudza usiku umene ukumudikira kunyumba. Mapiritsi amalembedwa m'kabuku, koma za mantha munthu amakazipeza yekha.

Mu Malichi 2023 kunabwera mphepo yamkuntho ya Freddy. Misewu inaduka m'malo angapo, tsiku langa loyezetsa magazi linadutsa, ndipo makalasi athu anadzaza mabanja ogona pa simenti. Ndinawerenga mapiritsi otsala, anali okwana masabata atatu, ndinapitiriza kumwa muyezo womwewo mpaka njira itatseguka. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti m'masiku amenewo, ndikulemba maina a anthu ndi kugawa ufa, chilaso ndinkachimva koma sichinkandilamula. Usiku ndinkamva ana akulira m'tulo m'kalasi ya sitandade 4, amayi awo akuwasisita pamsana n'kumati madzi apita, madzi apita, ndipo ndinkadziwa kuti mawu amenewo adzafunika kunenedwa kambirimbiri thupi la mwana lisanawakhulupirire.

Madzi ataphwa ndinapita kukaona khwawa lina kumunsi kwa mudzi, limene chigumula chinalitseka ndi mchenga ndi zitsa. Kamtsinje kanali katayamba kale kudya mchengawo. Sikanaugumule tsiku limodzi. Kanaboola kanjira kopyapyala m'mbali, kena pansi pa chitsa, ndipo m'mphepete mwa mulu uja mchenga unkagwa pang'onopang'ono n'kutengedwa. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali dzanja lili panthiti. Miyezi isanu yonse mwambi uja ndinkaumvera mbali ya chigumula yokha, osaona kuti madzi amene saiwala khwawa ndi omwenso amabwerera kudzatsegula pamene panatsekeka. Magazi anga nawonso anali akuchita zomwezo kuyambira Okutobala, osandifunsa, ngakhale usiku umene ndinkalira kuti ndikufa.

Mu Epulo ndinakweranso chitunda cha Thabwa, ulendo uno pa minibasi, nditakhala kumpando wa pakhomo kuti ndizitambasula mwendo. Anandiunika mtima, anandiyendetsa m'khonde kachipangizo kali pachala, anati miyezi isanu ndi umodzi yakwana, mankhwala ndisiye. Anandiuza mosabisa kuti munthu amene chibuma chake chinabwera ndi chifukwa chodziwika chimene chinatha, monga chikhakha kapena opaleshoni, mpata woti chibwerenso ndi wochepa poyerekeza ndi amene chinangomugwera popanda chifukwa, koma kuchepa si kutheratu. Paulendo wautali ndizitsika n'kupondaponda, ndizimwa madzi, ndikadzagonekedwanso m'chipatala ndidzanene mbiri yanga tsiku loyamba. Anatinso alipo ochepa amene kubanika kumapitirira miyezi itadutsa chifukwa mitsempha sinatseguke bwino, ndipo oterowo ayenera kubwereranso kukaunikidwa, asamangoti ndi maganizo. Usiku woyamba wopanda piritsi sindinagone. Wachiwiri ndinagona pang'ono.

Mwezi wa Meyi anthu anatsikira kumadimba, pakuti matope amene chigumula chimasiya ndiwo amabereka chimanga ndi mbatata za chilimwe. Tinanyamuka m'bandakucha, akazi anga atasenza mbewu ndi chigubu, ine khasu paphewa. Tili pakati pa njira, pamene bango limayambira, chinandilasa pamalo pake pomwe paja. Ndinaima. Iwo anatula chigubu osanena kanthu n'kuyamba kuwerenga motsitsa mawu. Kutsogolo kwathu akakowa anali akutola tizilombo m'matope, ndipo patali ndinkamva nkhafi ikugunda m'mbali mwa mwadiya. Atafika pa makumi anayi ndinawagwira mkono.

"Kwatha?"

"Kwatsika. Tiyeni."

Dothi la kudimba linali lofewa, lonunkhira madzi. Ndinakumba phando loyamba, iwo anaponyamo mbewu zitatu, ndinakwirira ndi phazi la mwendo uja unathyoka.